Timadontho Takuda M'mutu mwa Mzime

Achimwene,

Landirani moni wanga. Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi akazi anu ndi ana, ndiponso kuti phazi la amayi lija linaphwa. Ngati likadali lotupa, musawauze kuti ndi ukalamba; apite nalo kuchipatala. Ine kuno ndilipo, ndikupuma. Mzime ali moyo. Kuti ali bwino sindinena, chifukwa bodza la pa moni ndinalisiya.

Ndalemba kalata popeza pa foni mumandidula ndisanafike pakati pa nkhani. Pepala mulibe polidulira. Mu envulopu yomweyi muli chithunzi chakuda. Musachitaye poyesa kuti chinawonongeka. Kalatayi muiwerenge mokweza pamaso pa amayi ndi pa mlamu wanga, mkazi wa Mzime, ndipo musadumphe mizere imene ikukhudza inu. Ndinu mphunzitsi wamkulu, kuwerenga pagulu sikungakuvuteni.

Ndamva kwa msuweni wathu kuti kumapeto kwa mwezi uno abale a mlamu akubwera kudzamutenga pamodzi ndi ana, ndipo inu mwavomera kale. Ndamvanso kuti munasonkhanitsa anthu pakhonde panu, n'kuika foni patebulo kuti onse amve uthenga wa mawu uja umene Mzime anatukwana nawo mkazi wake. Akuti munaubwereza kuti amalume, omwe khutu lawo ndi lolemera, asatsalire. Kenako munagamula kuti mng'ono wanu walowerera ndi mowa wa m'tauni, ndipo mwina ali ndi wina. Munagamula mwaluso, tiyi asanazizire. Tsopano imvani zimene simunafunse.

Mzime anagwa kuntchito. Ankamanga denga la nyumba yaikulu yosungiramo katundu, iye ali pamwamba kuwotcherera zitsulo. Anthu a ntchito imeneyi akafuna kuvala chigoba chotchinga kumaso amayamba avula chipewa cholimba chija, chifukwa ziwirizi sizikwanirana pamutu umodzi. Aliyense amadziwa, ndipo aliyense amayang'ana kumbali. Thabwa limene anapondapo linapendekeka, iye n'kugwa chagada, nkhongo pa simenti.

Pamalopo pali lamulo la kapitawo: popanda magazi palibe ngozi. Munthu akachekeka chala n'kudontha magazi, amathamangira naye kuchipatala, ndipo oyendera aboma amabwera kudzaimitsa ntchito n'kumafunsa mafunso amene ambiri pamenepo sakonda kufunsidwa. Koma akagwa osatuluka magazi, ndiye kuti wangopumula. Choncho anzakewo atathamangira pomwe anagwerapo, choyamba anamusisita m'mutu n'kuyang'ana m'manja mwawo. M'manja munali mouma, mitima yawo n'kukhala pansi. Anamukokera pamthunzi, namuthira madzi, ndipo atatsegula maso anamuombera m'manja. Wina akuti anamuuza kuti akapepese simentiyo poti waipweteka. Anamumwetsa chakumwa cha shuga, ndipo atadya chamasana anakweranso pamwamba.

Ine zonsezi sindinadziwe. Mwini wake sakumbukira kugwako mpaka lero. Anafika kuchipinda kwathu kuno madzulo, n'kusanza, n'kunena kuti mwina ndi zimene anadya, ndiponso kuti anzake akuti anagunda mutu pang'ono. Mutu utapitirira kuwawa ndinamukokera kuchipatala. Anamujambula ndi makina ofulumira aja amati CT, natiuza kuti chigaza sichinasweke ndipo palibe magazi oundana ofuna opaleshoni. Anatipatsa mapiritsi a mutu. Ndinakuuzani tsiku lomwelo, ndipo mawu amenewo mwawasunga ngati vesi loloweza: madokotala anati alibe kanthu. Ena onse amene ndanena pambuyo pake munawaika kunkhongo.

Koma munthu amene ndinabwerera naye sanali Mzime amene mumamudziwa. Mzime uja anali mwana amene ankapepesa ngakhale galu akamuponda mchira. Uyu anayamba kulalatira mayi eni nyumba chifukwa cha ndowa imene inaikidwa pakhomo pathu. Tsiku lina ndinapeza chipinda chadzaza utsi, poto wapsa mpaka kubooka, iye atakhala pambali pomwepo akusoka nsapato. Fungo sakumva konse. Anasochera panjira ya kuntchito imene wayendamo zaka. Kuntchitoko anawotcherera mahinjesi a chitseko mozondotsa, iye amene anzake ankabwera kudzaonera kuwongoka kwa mzere wake, ndipo kapitawo yemwe uja anamuchotsa, ati amabwera ataledzera. Ndinamununkhiza m'kamwa, ndinasecha m'matumba ndi pansi pa matiresi. Mowa munalibe, chamba munalibe, nambala ya mkazi munalibe.

Uthenga umene munamvetsera pakhondewo nanenso ndinaumva. Mawa lake ndinamuyatsira mwini wake. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anandifunsa kuti ndani akunenera mkazi wake mwano wotere, ndipo foni yake anaipeza bwanji. Nditamuuza kuti ndi iyeyo, analira ngati mwana, ndipo asanapukute misozi anayamba kuseka chifukwa nkhunda inatera pawindo. Mukanakhalapo, achimwene, sindikudziwa kuti mukanamupatsa malikisi angati.

Chilungamo chinabwera ndi mnzake wina amene amamutcha Wamtali. Anabweretsa nsapato za ntchito ndi chigoba chimene Mzime anasiya, ndipo atamuona mmene alili anakana mpando, n'kuima pakhomo akupotokola chipewa. Ndipamene anandifotokozera. Ndinamufunsa kuti Mzime anagona pansi nthawi yaitali bwanji asanatsitsimuke. Anati yokwanira kuti wina apite kugolosale kukagula chakumwa chija n'kubwerako. Ndinamukalipira mpaka ana a eni nyumba anatuluka kudzaonerera. Iye anangoyankha kuti iwo anayang'ana magazi, monga amachitira nthawi zonse. Azakhali akuti akuuza anthu kuti mwanayu analodzedwa. Muwauze kuti mfiti yake yapezeka, ndi thabwa.

Tinabwerera kuchipatala. Kalaliki wa pawindo anati tinajambulidwa kale, tisatsekereze ena. Ndinamuuza kuti ndiima pomwepo mpaka adzapume pantchito. Mapeto ake tinaonana ndi dokotala wa ubongo, mayi wochepa thupi, wosafulumira kuyankhula. Iyeyu anafunsa mafunso, khalidwe limene m'banja mwathu likuoneka kuti linatha fasho. Anati makina oyamba aja sananame, koma iwo amaona chithaphwi, saona mawaza. Pali ena a maginito, otchedwa MRI, ndipo anatilembera pamzere.

Tsiku lathu litafika, wojambula anafunsa Mzime ngati chitsulo chinamulowapo m'thupi, makamaka m'diso. Iye anati ayi, molimba mtima. Ine ndinaseka. Kwa owotcherera ndi opala zitsulo, kachitsulo kolowa m'diso si ngozi, ndi fumbi la ntchito. Amachotsana okhaokha ndi kamtengo ka machesi kapena ndi maginito a wailesi yakufa, ndipo Mzime ndamuonapo kambirimbiri akubwera diso lili psuu. Nditanena zimenezi wojambulayo anatseka chitseko cha chipinda chija. Anati maginito a mmenemo sazimitsidwa, ndipo kachitsulo kotsalira m'diso kangathe kusuntha n'kumuchititsa khungu. Anatitumiza kukajambulitsa maso kaye. Maso anapezeka opanda kanthu, koma malo athu pamzere anali atapita. Pobwerera Mzime ananditcha mfiti ya pakamwa, basi yonse ikumva. Ndinamuuza kuti dzinalo ndi lakale, apeze lina.

Ulendo wachiwiri anamugoneka pa kabedi kopapatiza, namuphimba mutu ndi chinthu chonga khola la mbalame, n'kumulowetsa m'mphako ya makinawo. Munthu amafunika kugona duu nthawi yaitali osagwedeza mutu, apo ayi chithunzi chimasokonekera. Makina atayamba kugogoda, iye anakuwa kuti amutulutse, natukwana wojambulayo ndi mtundu wake wonse. Anandilola kulowa kuti ndimugwire mwendo, nditavula ndolo, mapini a m'tsitsi, ngakhale kamisolo chifukwa cha waya wake. Ndinaima pamenepo ngati wakumana ndi akuba. Ndinauza Mzime kuti amvetsere phokosolo, andiuze chavuta n'chiyani m'makinamo. Anagona chete kumvetsera mpaka kumapeto, ndipo atatuluka anachenjeza wojambulayo kuti bering'i ya m'makina awo yatha, asachedwe kusintha.

Dokotala anatiitana kudzaona zotsatira. Anayamba ndi zithunzi za masiku onse, ubongo wotuwa, makwinya ake onse ali m'malo, ndipo kunena zoona chodabwitsa panalibe. Ndinayamba kale kumva mawu anu m'makutu. Kenako anatsegula zina zimene anati anajambula mwa njira yapadera, yosaka magazi amene anatayika. Apa ndiye panali timadontho takuda, ngati zitosi za ntchentche pakhoma la laimu: tambiri kutsogolo, kuseri kwa chipumi, tina m'kati, pamene mbali ziwiri za ubongo zimalumikizana. Ndi chithunzi muli nachocho. Chigwirizeni pawindo kuti kuwala kudutse, ndipo amayi muwapatse magalasi anu.

Dokotala anati mutu ukagunda mwamphamvu ubongo umagwedezeka m'chigaza, timitsempha tating'onoting'ono n'kuduka. Magazi otayikawo ndi ochepa kwambiri, moti makina oyamba aja sawaona. Koma m'magazi muli ayironi, chitsulo cha m'thupi, ndipo thupi likayeretsa pamalopo ayironiyo amatsalira, ngati dzimbiri pansalu yoyera. Mphamvu ya maginito ikafika pamenepo imasokonezeka pang'ono, ndipo njira yapaderayi imakuza kusokonezekako mpaka kuoneke ndi maso. Dzimbiri pansalu ndimalidziwa, ndimasita nsalu za hotela tsiku ndi tsiku. Za maginito ndimazidziwanso. Ndi zimene ndinkaphunzira chaka chija bambo anadwala, pamene wina mwa ife anayenera kusiya yunivesite kukawatembenuza pabedi. Inu munali m'chaka chomaliza. Mumakonda kuuza alendo kuti ndine theka la digiri. Theka limenelo landikwanira kumva dokotala popanda womasulira.

Ndinafunsa kuti kuseri kwa chipumiko kumagwira ntchito yanji. Anati ndi kumene kumagwira munthu dzanja asanachite chinthu, ndi lilime asananene. Ndi mabuleki ake. Ndikudziwa kuti mwamwetulira, mukuti ine ndinabadwa wopanda. Sekani. Koma Mzime anali nawo, abwino kuposa a tonsefe, ndipo anathyokera pa simenti.

Nthawi yonseyi Mzime ankangoyang'ana timadonthoto. Ndinkayesa kuti sakutsatira. Tikutuluka anandikoka malaya n'kundifunsa chapansipansi ngati zimenezi zikutanthauza kuti iye si munthu woipa. Anati wakhala akudzifunsa, popeza aliyense amene amakumana naye amachoka atakwiya ndipo iye sadziwa chifukwa. Ine, achimwene, ndinangomugwira dzanja powoloka msewu.

Sindikubisirani kanthu. Dokotala anati magazi sakutayikanso ndipo palibe chong'amba. Timadonthoto ndi mapazi chabe, osonyeza pamene ngozi inadutsa, ndipo mwina palinso pena poduka pamene ngakhale makina amenewa sangaone. Anati sangawerenge madontho n'kulosera kuti adzachira kufika pati. Ambiri amabwererako pang'onopang'ono, miyezi ngakhale zaka. Ena amatsala ndi zina mpaka kalekale. Chofunika ndi tulo, bata, zochita zofanana tsiku lililonse, osakwera pamwamba, osalawa mowa, kubwera kuchipatala kudzaphunzitsidwa njira zokumbukirira, ndiponso munthu wapafupi amene ankamudziwa asanagwe, woti azimukumbutsa kuti iye ndi ndani. Kenako anandifunsa ngati ali ndi mkazi. Ndinati ali naye mpaka kumapeto kwa mwezi.

Chithunzi china ndinapita nacho kwa kapitawo. Ndinamupeza akudya, ndinachiyala pambali pa mbale yake, n'kumuuza kuti magazi amafuna aja ndi awa, alembe ngozi. Anayang'ana kudenga lomwe lija, ati lamulolo analipeza, si lake. Ndinamufunsa ngati chikumbumtima nachonso anachipeza chitatha. Nkhani imeneyo ili ku ofesi ya zantchito ndipo ndiyendetsa ndekha, musavutike kundilangiza.

Koma kapitawo ndi mlendo, Mzime si kanthu kwa iye. Inu munayamwa naye bere limodzi. Wamtali atangochoka tsiku lija ndinakuimbirani kukuuzani kuti mwanayu anagwa, ndipo munati nditumize chithunzi cha bala. Ndinajambula nkhongo yake, tsitsi lokhalokha. Munayankha kuti mwaonatu, palibe kanthu, ndikungomuikira kumbuyo monga mwa masiku onse. Munamusisita m'mutu pa foni n'kuyang'ana m'manja mwanu, chimodzimodzi anzake aja. Iwo anamugulirako chakumwa. Inu munaitana anthu. Ndipo amayi akuti akhala akulira kuti analera molakwa, mwana wawo wasanduka chidakwa. Munawasiya alire chifukwa misozi yawo inkagwirizana ndi chigamulo chanu.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, choncho ndinena zanga. Popita kuntchito ndimatenga chingwe cha sitovu m'chikwama, pamodzi ndi mpeni ndi machesi. Mayi eni nyumba aja, atamva za timadonthoto, anamukhululukira, ndipo amamupatsa nyemba zoti azisankha pakhomo kuti azimuona. Koma nawonso ali ndi msika wawo, sangakhale mlonda wathu. Ndimasita uku ndikuganiza kuti mwina watuluka n'kusochera. Sabata yatha ndinapsereza nsalu ya patebulo, ndipo mkulu wa kuntchito kwathu wandiuza kuti kuchipatala ndapitako kokwanira. Moyo wanga ndinausiyapo kamodzi chifukwa cha wodwala wa m'banja mwathu. Za bambo sindidandaula. Koma kachiwiri, ndekha, inu mukuweruza milandu pakhonde, ayi.

Pempho langa ndi limodzi. Sindikufuna malangizo, ndipo musanditumizire gulu lodzapemphera, kupemphera timatha. Pitani nokha kwa abale a mlamu, ndi pakamwa pomwe munaitanira anthupo, mukawauze kuti munaweruza musanamve zonse, ndipo adikire. Mukatero mukweze mlamu basi abwere kuno. Ana atsale ndi amayi. Mlamuyo adzamuone mwamuna wake, adzakhale pamaso pa dokotala uja afunse zonse zimene akufuna.

Mlamu wanga, apa ndikunena ndi iwe, ngati achimwene sanadumphe. Mawu aja anakulasa ndipo sindikuuza kuti uiwale. Mkazi wina palibe. Ndikanamudziwa, chipinda chathu n'chogawa ndi katani chabe. Koma sindikunyenga: ukabwera adzakutukwananso. Dzana anaponya kapu, inaphonya khutu langa pang'ono. Masiku ena amakhala Mzime weniweni, amaimba nyimbo zake zosokoneza zija, amafunsa ngati mwana wamng'ono anayamba kuyenda, ndikamuyankha amasangalala, ndipo madzulo amafunsanso. Ukaona n'kunena kuti sungathe, ndidzakunyamulira chikwama ndekha mpaka kudepoti, ndipo amene adzakunene adzaonana ndi ine. Koma uchoke utaona ndi maso ako, osati chifukwa cha mlandu umene unazengedwa woimbidwa mlandu palibe.

Achimwene, Mzime ndamuuza kuti ndikulemberani kuti mkazi wake abwere. Za kumapeto kwa mwezi sindinamuuze. Zambiri zimagwa m'mutu mwake ngati madzi m'dengu, koma ichi chokha chakakamira. Wasuntha bedi lake kuti pakhale malo a chikwama. Amasesa, n'kuiwala kuti wasesa, n'kusesanso. Akamva basi kumsewu amavala nsapato. Ngati mwasankha kuti chigamulo chanu chisasinthe, ine sindimuuza. Mubwere mudzamuuze nokha, muli chiimire m'chipinda chosesedwachi. Ndipo mutenge zovala zokwanira, chifukwa mudzamuuza lero, mawa adzavalanso nsapato, ndipo mudzamuuzanso.

Mundiperekere moni kwa amayi. Muwauze kuti mzime wawo akudya bwino, wanenepako, ndipo iwo sanalakwe polera. Moni kwa amalume, mofuula. Moni kwa azakhali, kwa akazi anu, kwa ana anu onse, ndi kwa ana a Mzime. Wamkuluyo mumuuze kuti bambo ake anavulala, osati zina zimene wakhala akumva. Msuweni wathu musamukalipire, anangonena zimene munachita poyera.

Tsalani bwino.

Ndine mlongo wanu, wokwiya, koma wanu ndithu.